THANGATA WABWERANSO, ULENDO UNO WALOWERA M'FONI

Pali bodza limene likuyenda m'mbali mwa nyanja, ndipo likuthamanga kuposa basi ya ku Joni. Bodzali likuti mnyamata amene wapeza ntchito yonyamula katundu wa masitolo a pa intaneti ku South Africa wapeza makwerero: lero ali pa njinga yamoto, mawa akhala kapitawo, mkuja akhala bwana mu ofesi. Madobadoba akulinena pa Chiponde, pa Namwera ndi pa boma pa Mangochi. Matransipota akulinena pamene akuwerenga ndalama za ulendo. Zithunzi za pa Facebook ndi pa WhatsApp zikulichitira umboni, mnyamata atavala jekete ya kampani ndi chipewa chonyezimira.

Ife tikunena mosapsatira mau kuti makwerero amenewo palibe. Ntchito ilipo, kandalama kakupezeka, koma amene anaikonza ntchitoyi anaikonza dala kuti munthu aigwire ali ndi mphamvu, atope, achoke, pabwere wina. Ndipo boma lathu, limene limasangalala ndi ndalama zimene ana athu amatumiza kumudzi, langoti chete ngati kuti anawo ndi a dziko lina.

NJIRA IYI TIKUIDZIWA

Palibe Mmalawi amene angatiuze kuti ulendo wa ku Joni ndi wachilendo. Agogo athu anapita ndi Wenela, ndipo pofika kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi oposa 100,000 anali pansi pa nthaka m'migodi ya ku South Africa. Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana ndi kupha Amalawi 74 amene anali kubwerera kwawo. Dr Banda anaimitsa kalembera, koma patangopita zaka zitatu njira inatsegulidwanso pansi pa dzina la TEBA, kufikira mkangano wa kuyeza magazi mu 1988 pamene eni migodi anayamba kuwabweza anthu athu.

Kodi mwa zikwi zonsezo, ndi angati amene anakhala mamanijala a mgodi? Anabwerera ndi wailesi, njinga, bulangete ndi chifuwa. Makampani a golide anavomera mu 2018 kupereka 5 biliyoni randi kwa amene anadwala mapapo chifukwa cha fumbi la mu mgodi, ndipo bungwe la Tshiamiso Trust linakhazikitsidwa kuti ligawe ndalamazo. Taganizani: munthu anasiya mapapo ake mu mgodi ali mnyamata, chipepeso chikubwera atakalamba, ena atagona kale kumanda. Akuluakulu a TEBA akhala zaka ndi zaka akuzungulira m'maofesi a zantchito ndi timakadi tawo takale.

Komabe Wenela, ndi nkhanza zake zonse, inali ndi kontirakiti yolembedwa, inali ndi ofesi imene munthu ankaidziwa, ndipo dzina la bwana linali lodziwika. N'chifukwa chake patapita zaka zambiri kunali kotheka kuwakokera kukhoti. Mdzukulu wa munthu wa Wenela uja lero akugwira ntchito kwa bwana amene sanamuonepo, amene amalankhula naye kudzera m'foni, ndipo bwanayo akukana kuti si bwana wake.

MPHUNZITSI WAMKULU WA MALONDA AMENEWA

Kuti timvetse chimene chikuchitika, tiyambe ndi kampani imene inaphunzitsa dziko lonse malonda amenewa. Amazon inayambitsidwa ndi a Jeff Bezos mu 1994 pafupi ndi Seattle m'dziko la America, ndipo poyamba inkagulitsa mabuku okha. M'zaka za posachedwapa yakhala ikulemba ntchito anthu pafupifupi 1.5 miliyoni. Munthu amasankha katundu pafoni kapena pa kompyuta, amalipira, ndipo katunduyo amamupeza pakhomo mawa lake, nthawi zina tsiku lomwelo. Wogula amaona ngati matsenga. Koma kuseri kwake kuli anthu amene akuyenda mitunda m'nyumba zikuluzikulu zosungiramo katundu, akutola, akukulunga, akusenza.

Mu Juni 2021 nyuzipepala ya New York Times inatulutsa kafukufuku wake wa momwe kampaniyi imasamalira antchito ake. Inapeza kuti, ngakhale mliri wa Covid-19 usanafike, mwa antchito 100 aliwonse olipidwa pa ola, atatu ankachoka sabata iliyonse. Pa chaka ndiye kuti anthu ochoka ankaposa chiwerengero cha antchito onse. Nyumba imene munailowa mu Januwale, mukabweranso chaka chamawa mupeza nkhope zachilendo zokhazokha.

Kodi imeneyi inali ngozi? Mkulu wina wakale woona za antchito pa kampaniyi, a David Niekerk, anauza nyuzipepala yomweyo kuti a Bezos sankafuna antchito okhazikika m'nyumba zimenezi, chifukwa ankakhulupirira kuti munthu akakhalitsa amayamba ulesi. Kafukufukuyo ananenanso kuti kukwera kwa malipiro kolonjezedwa kunkathera pa zaka zitatu. Mu 2014 a Bezos eni ake anauza eni masheya za ndondomeko yopatsa wantchito ndalama kuti asiye ntchito: madola 2,000 chaka choyamba, kukwera mpaka 5,000. Iwo anati cholinga n'chakuti atsale okhawo okonda ntchitoyo. Ife tikufunsa: ndi bwana uti amene akufuna kuti ukule naye, koma chaka chilichonse akukuonetsa chitseko atanyamula ndalama m'manja?

Ngakhale amene anakwera mpaka mu ofesi sanagone tulo. Pakati pa kumapeto kwa 2022 ndi 2023 kampaniyi inachotsa antchito a m'maofesi pafupifupi 27,000, ndipo mu Okutobala 2025 inalengeza zochotsanso ena 14,000. Chaka chomwecho cha 2025 inanyadira kuti maloboti ake afika 1 miliyoni. Amene akukuuzani za makwerero akuuzeninso kuti kumwamba kwa makwererowo kuli chiyani.

KAPITAWO AMENE SAPHETHIRA

Pa esiteti ya fodya kapena ya tiyi, kapitawo ndi munthu. Amatopa, amapita kukadya, nthawi zina amamva chisoni. Kapitawo wa masitolo a pa intaneti ndi kamakina kam'manja kamene wantchito amawerengera katundu. Kamakina kameneka kamawerenganso wantchitoyo.

Mu Januwale 2024 bungwe la boma la France loteteza zinsinsi za anthu, CNIL, linalengeza chindapusa cha 32 miliyoni euro kwa nthambi ya Amazon yosunga katundu m'dzikolo. Linapeza kuti timakinato tinkalemba nthawi iliyonse imene munthu waima mphindi zoposa khumi, ndiponso tinkalemba ngati watola katundu mofulumira kwambiri, pasanathe sekondi imodzi ndi kota. Ukachedwa walakwa, ukafulumira walakwanso. Kampaniyo inatsutsa chigamulocho, koma sinakane kuti timakinato timawerenga.

Mu Malichi 2021 kampaniyi inanyoza poyera phungu wina wa ku America, a Mark Pocan, amene ananena kuti antchito ake amakodza m'mabotolo. Patangopita masiku ochepa, mu Epulo, inapepesa ndi kuvomera kuti madalaivala ake amavutikadi kupeza chimbudzi ali pa ntchito. Abale, tikunena za imodzi mwa makampani olemera koposa pa dziko lapansi, m'dziko limene lili ndi makhoti, manyuzipepala ndi aphungu olusa. Nanga mlendo wopanda mapepala m'misewu ya Johannesburg adzalirira kwa ndani?

AKAYESA KUGWIRANA MANJA

Chala chimodzi sichiswa nsabwe, ndipo antchito a Amazon anaidziwa mfundo imeneyi. Mnyamata wina, Chris Smalls, anachotsedwa ntchito mu Malichi 2020 atatsogolera anzake kudandaula za chitetezo pa nthawi ya Covid-19 ku Staten Island mu mzinda wa New York. Sanapite kukakhala pansi. Pa 1 Epulo 2022 antchito a pamalopo anavota, 2,654 kufuna bungwe la apantchito, 2,131 kukana. Kanali koyamba kuti zimenezi zitheke pa nyumba ya katundu ya Amazon m'dziko la America. Kampaniyo inathamangira kukatsutsa zotsatirazo m'malo mokhala pansi kukambirana.

Ku Coventry m'dziko la Britain antchito ananyanyala ntchito mu Januwale 2023, ndipo mu Julayi 2024 bungwe lawo la GMB linalephera ndi mavoti 28 okha kuti kampani ikakamizidwe kulizindikira. Ku Canada, antchito a ku Laval m'chigawo cha Quebec anapeza bungwe lawo mu Meyi 2024. Mu Januwale 2025 Amazon inalengeza kuti ikutseka nyumba zake zonse zisanu ndi ziwiri m'chigawocho, antchito okhazikika pafupifupi 1,700 n'kutsala pamsewu. Kampaniyo inati zimenezi sizikukhudzana ndi bungwelo, ingofuna kupereka ntchito yogawa katundu kwa makampani ang'onoang'ono. Owerenga aweruze okha.

Inu amene munathawa m'dziko muno nthawi ya chipani chimodzi, nyimbo imeneyi mukuidziwa. Nafenso tinkauzidwa kuti sitikusowa mabungwe chifukwa atsogoleri amatikonda ndipo chitseko chawo n'chotsegula. Munthu amene amaopa kuti anthu ake akumane awiri kapena atatu popanda iye, pali chimene akubisa.

KU JONI KUMENE ANA ATHU ALI

Wina anena kuti izi ndi za kutali, za ku America ndi ku Ulaya. Ayi, zafika kale pakhomo. Amazon yakhala ku Cape Town kwa zaka zambiri ndi maofesi a makompyuta ndi oyankha makasitomala pafoni, ndipo mu Meyi 2024 inatsegula sitolo yake ya pa intaneti ya ku South Africa. Inapeza kale Takealot, imene inayamba mu 2011 ndipo ndi ya kampani ya Naspers, pamodzi ndi nthambi yake yogawa chakudya ya Mr D. Inapezanso Checkers Sixty60, imene inayamba mu 2019 ndi lonjezo lofikitsa katundu pakhomo pasanathe ola limodzi, ndi Uber Eats.

Lonjezo la ola limodzi limakoma kwa wogula. Koma ola limenelo amalikwaniritsa ndani? Amene anafikako ku Johannesburg, Pretoria, Durban kapena Cape Town awaona anyamata a njinga zamoto atakhala m'magulu kunja kwa masitolo, maso pafoni. Ambiri mwa iwo ndi alendo: a ku Zimbabwe, a ku Congo, a ku Uganda, ndi athu a ku Malawi. Mukatchera khutu mumva Chichewa ndi Chiyao. Mnyamata amene anaphunzira njinga pa kabaza wa pa Chiponde, akunyamula anthu ndi matumba kupita ku Mandimba, lero akupikisana ndi mathiraki pa misewu ya Gauteng mvula ikugwa.

Tsono nachi chinsinsi cha malonda onsewa. Anyamata ambiri ogawa katunduwa salembedwa ngati antchito. Amalembedwa ngati anthu odziimira paokha amene angogwirizana ndi kampani, ndipo kawirikawiri mgwirizanowo sukhala ndi sitolo yeniyeniyo koma ndi kampani ina yapakati. Mau ochepawa amachotsa zonse zimene antchito a ku South Africa anamenyera kwa zaka zana. Lamulo la kumeneko linaika malipiro otsikitsitsa a R20 pa ola mu 2019, ndipo mu Malichi 2025 anafika R28.79. Lamulo limapereka tchuthi, limapereka chipepeso kwa wovulala pa ntchito, limapereka thandizo la UIF kwa amene ntchito yamuthera, limapereka bwalo la CCMA kwa wochotsedwa popanda chifukwa. Zonsezi ndi za wantchito. Wodziimira payekha alibe gawo.

Mafuta agula yekha. Mayunitsi a intaneti agula yekha. Ngati njinga si yake, sabata iliyonse alipira mwini njinga asanadye iye. Ngati alibe mapepala, amabwereka dzina la munthu wina pa pulogalamu ya pafoni, ndipo mwini dzinayo amadyanso pomwepo. Akaba njinga, ngongole ndi yake. Akathyoka mwendo, foni imangopereka oda kwa mnzake amene ali pafupi. Akafa, ndi anzake a kumudzi amene amasonkherana kuti maliro akwere galimoto kudutsa Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete kubwera kwawo.

Koma amati ndi wodziimira payekha! Munthu amene sasankha mtengo wa ulendo, amene foni imamuuza kopita ndi mphindi zoti afikire, amene amavala mtundu wa kampani, amene angathe kutsekeredwa kunja kwa pulogalamu m'mawa umodzi popanda kumva mbali yake, ameneyo akudziimira pati? Pa minda ya A.L. Bruce ku Magomero, kumene John Chilembwe anaukira mu 1915, makolo athu ankauzidwanso kuti sali pa ukapolo, akungothangata mwini malo. Mau okoma akuti thangata, amene pakati pathu ankatanthauza kuthandizana kumunda, anawasandutsa goli. Lero mau akuti kudziimira pawekha akugwira ntchito yomweyo.

Makhoti ena aona kale chinyengochi. Mu Febuluwale 2021 khoti lalikulu la ku Britain linagamula kuti madalaivala a Uber ayenera kulandira malipiro otsikitsitsa ndi tchuthi, chifukwa kampani ndiyo imalamula zonse. Ku South Africa bwalo la CCMA linanena mu 2017 kuti madalaivala a Uber ndi antchito, koma mu 2018 khoti la zantchito linafafaniza chigamulocho poti anasumira nthambi ya ku South Africa pamene mgwirizano wawo unali ndi kampani ya ku Netherlands. Mwaona ukathyali wake? Bwana akukulamula ali m'thumba mwako, koma ukafuna kumusumira ali kutsidya kwa nyanja.

AMENE ADZATITSUTSA

Tikudziwa zimene ena anene, ndipo sitizithawa. Adzati Amazon inakweza malipiro otsikitsitsa kufika madola 15 pa ola ku America mu 2018, kuposa kawiri zimene lamulo la dzikolo limafuna. N'zoona. Adzati kuyambira 2012 ili ndi ndondomeko ya Career Choice yolipirira antchito sukulu. N'zoonanso. Koma malipirowo anakwera pambuyo pa phokoso la antchito ndi la aphungu monga a Bernie Sanders, osati chifukwa cha mtima wabwino. Ndipo maphunziro ambiri a ndondomekoyo poyamba anali okonzekeretsa munthu kukagwira ntchito kwina, monga unamwino ndi umakaniko wa ndege. Kampani inali ikunena yokha kuti tsogolo la wantchitoyo lili kunja kwa mpanda wake. Komanso zabwino zimenezi zimathera kwa wolembedwa ntchito. Sizifika kwa mnyamata wa njinga amene kampani ikumukana.

Adzatinso: pitani ku Namwera ndi ku Chiponde mukaone nyumba za malata, magolosale ndi njinga zamoto zimene ndalama za ku Joni zagula. Taziona. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo malipiro otsikitsitsa m'dziko muno anali K90,000 pa mwezi mu 2024. Mnyamata amene wasankha randi sanapenge, wawerenga bwino. Sitikumunyoza, ndipo sitikumuuza kuti akhale pakhomo azidya mau athu. Chimene tikukana ndi kunena kuti poti munthu ali ndi njala, ndiye chilichonse chimene wapatsidwa athokoze atagwada. Wenela nayo inamanga nyumba za malata. Kodi chimenecho chinachotsa mlandu wa mapapo aja?

Ndipo tiyeni tifunse funso limene makolo safuna kulifunsa. Mwana amene wasiya sukulu ali Fomu 2 kuti akakwere njinga ku Joni, akadzafika zaka 40 msana utatha, adzakhala ndi luso lanji? Kalipentala akagwira ntchito zaka khumi amakhala mmisiri. Msodzi wa pa Malombe akakhalitsa amaidziwa nyanja. Wogawa katundu akagwira zaka khumi amakhala pomwe anayambira, kungoti wakalamba. Sukulu za m'boma la Mangochi zikutaya anyamata chifukwa cha bodza la makwerero, ndipo atsikana akukwatiwa ndi chithunzi cha pafoni.

NANGA BOMA LATHU LILI KUTI?

Chaona mnzako chapita, mawa chili kwa iwe. Mu Okutobala 2023 bungwe la Amnesty International linaulula za anthu a ku Nepal amene anakongola ndalama zambiri kulipira madobadoba powalonjeza ntchito ya Amazon ku Saudi Arabia. Atafika anapeza kuti olemba ntchito ndi makampani ena apakati, malo ogona ndi onyansa, ndipo kubwerera kwawo n'kovuta. Mu Febuluwale 2024 Amazon inabweza madola 1.9 miliyoni kwa antchito oposa 700. Inabweza chifukwa panali anthu amene anafufuza, analemba, ndipo sanatope.

Kuno kwathu ndani akufufuza? Mu Novembala 2023 boma linatumiza achinyamata 221 kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel nkhondo ili mkati, Amalawi osaonetsedwa mgwirizano wake. Mu 2024 wailesi ya BBC inaonetsa amayi athu amene ananamizidwa ntchito zabwino ku Oman n'kukasanduka akapolo a m'nyumba. Pa 31 Ogasiti 2023 moto unapha anthu 76 m'nyumba ya Usindiso ku Johannesburg, Amalawi ali momwemo. Mu Meyi 2024 nyumba imene inkamangidwa ku George inagwa ndi kupha anthu 34, Amalawi alinso momwemo. Nthawi zonse boma limatulukira pa maliro ndi uthenga wa chipepeso. Pa nthawi yolemba mgwirizano, pa nthawi yofufuza madobadoba, silioneka.

A Nduna a Zantchito, a Nduna a Zakunja, akazembe athu a ku Pretoria ndi ku Johannesburg, tikufunsani. Kodi mwawauza anthu athu kuti mu 2008, pa mlandu wa Discovery Health, khoti la zantchito la ku South Africa linagamula kuti mlendo amene chilolezo chake chatha akadali wantchito pamaso pa lamulo ndipo akhoza kudandaula ku CCMA? Kodi mwawauza kuti mu Julayi 2018, pa mlandu wa Assign Services ndi bungwe la NUMSA, khoti lalikulu la malamulo linagamula kuti wantchito wa malipiro ochepa amene waikidwa pa kampani kudzera mwa kampani yapakati, akapitirira miyezi itatu amakhala wantchito wa kampani yeniyeniyo? Anyamata athu olongedza katundu m'nyumba zosungiramo katundu akanadziwa zimenezi, bwenzi ena akudya thukuta lawo lonse. Kufalitsa uthenga umenewu pa wailesi m'Chichewa ndi m'Chiyao sikufuna ndalama za IMF.

ZIMENE TIKUFUNA

Choyamba, aliyense wotenga anthu kukagwira ntchito kunja alembetse ku boma, aonetse kontirakiti m'chilankhulo chimene wopitayo akumva, ndipo dobadoba wonamiza anthu aonekere kukhoti. Pa zipata za Chiponde, Mwanza ndi Dedza pakhale uthenga womveka wa ufulu wa wantchito, osati apolisi olandira za fanta okha.

Chachiwiri, maofesi a kazembe wathu ku South Africa akhale ndi anthu oona za apantchito amene amayankha foni, amasunga maina a ovulala ndi omwalira, ndipo amaperekeza anthu athu ku CCMA.

Chachitatu, Nyumba ya Malamulo ikonze nyumba mvula isanagwe. Gawo 31 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa munthu aliyense ufulu wa ntchito yachilungamo ndi yotetezeka, malipiro oyenera, ndi kulowa bungwe la apantchito. Koma lamulo la Labour Relations Act ndi la 1996, ndipo la Employment Act ndi la 2000, nthawi imene foni ya m'manja inali ya mabwana okha. Malonda a pa intaneti ayamba kale ku Lilongwe ndi ku Blantyre, ndipo ogawa katundu ndi anyamata a kabaza omwewa. Aphungu anathetsa dongosolo la matenanti m'lamulo mu 2021, patapita zaka zambiri ana akuvutika m'minda ya fodya. Asadikirenso zaka makumi atatu. Lamulo linene momveka kuti amene amakuikira mtengo, amakulamula nthawi ndipo angathe kukuchotsa, ameneyo ndi bwana wako, kaya ali mu ofesi kaya ali m'foni. Bungwe la zantchito pa dziko lonse la ILO linagwirizana mu 2025 kuti pakhale pangano la maiko pa ntchito zoterezi. Malawi asakhale womalizira kusaina.

Chachinayi, bungwe la MCTU lituluke m'mahotela momwe mumachitikira misonkhano, lipite pa siteji ya kabaza. Ligwirizane ndi mabungwe a ku South Africa kuti Mmalawi wa pa njinga akhale ndi khadi la bungwe, chifukwa amene amapindula alendo ndi eni dziko akamamenyana ndi bwana yekha.

Chachisanu n'cha inu a m'tauni, ndi inu amene munabwerera kuchokera ku London, ku Lusaka ndi ku Dar es Salaam mutazolowera kuitanitsa katundu pafoni. Katundu akafika pakhomo mofulumira ndiponso motchipa, dziwani kuti pali wina amene walipira kusiyanako ndi msana wake. Mufunseni mnyamatayo kuti amalandira zingati, ndipo akavulala amamuthandiza ndani. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

SITIYAMBA LERO

Amene akuganiza kuti mlendo wosauka sangachite kanthu ku Joni awerenge mbiri. Mu 1919 mnyamata wa ku Chifira m'boma la Nkhata Bay, Clements Kadalie, wophunzira ku Livingstonia, anasonkhanitsa onyamula katundu pa doko la Cape Town ndi kuyambitsa bungwe la ICU. Pofika 1927 linali ndi mamembala pafupifupi 100,000 ndipo boma la azungu linkanjenjemera nalo. Anali mlendo, ndipo anayamba ndi anthu osenza katundu mu mzinda womwewo umene lero muli likulu la Takealot ndi maofesi a Amazon.

Kuno kwathu, makalata a mabishopu atawerengedwa mu Malichi 1992 ndipo a Chakufwa Chihana, mtsogoleri wa mabungwe a apantchito, atamangidwa pa bwalo la ndege ku Lilongwe pa 6 Epulo, amene anatsegula msewu mu Meyi anali antchito a pa David Whitehead ku Blantyre, ofuna malipiro abwino. Anthu makumi angapo anaphedwa m'masiku amenewo. Popanda magazi awo, riferendamu ya pa 14 Juni 1993 sikanabwera msanga chomwecho. Ufulu umene tikulembera nkhani ino unayambira pa chipata cha fakitale.

N'chifukwa chake tikuchita manyazi kuona andale amene anakwera pa msana wa antchito akuyesa nkhani ya antchito ngati yaing'ono. Demokalase imene imathera pa bokosi la voti, osafika pa malo a ntchito, ndi ya mabwana okha. Achinyamata a pa Chiponde, pitani ngati mwasankha kupita, koma pitani maso ali otsegula: funsani dzina la amene akukulembani, sungani pepala lililonse ndi uthenga uliwonse wa pafoni, ndipo mukafika funani anzanu mugwirane manja. Inu aphungu a m'boma la Mangochi, mavoti anu amachokera m'nyumba zomangidwa ndi thukuta la anyamata amenewa. Tikudikira kumva mau anu m'Nyumba ya Malamulo, ndipo tidzawalemba pano pamodzi ndi maina a amene adzakhale chete.